Kulira kwa Mabuleki a Pilato

Lolemba m'mawa pikiapu ya Pilato Muhiwa inatuluka kuseri kwa golosale yake pa Chitakale ikulira ngati nkhumba yopita kumsika. Inangofika pomwetsera mafuta n'kubwerera. Amayi ogulitsa nthochi anatseka makutu, agalu anathawira m'minda ya tiyi. Posakhalitsa panamveka kulira kwina, kwa mwini galimotoyo, akukuwa kuti amubera.

Mai Agnes Nantchengwa anazimva zonsezi ali pakhonde pawo akusenda nandolo, ndipo sanadzuke. Pilato ankakuwa kawirikawiri. Anadzuka ataona Estele akubwera chothamanga, dengu lothyolera tiyi likadali kumsana.

"Mai tcheyamani, awamanga! Abambo akunyumba awamanga chingwe, awatsekera m'sitoro ya shuga."

"Wawamanga ndani? Tula dengulo, upume kaye."

"Ayufi a chipani. A Lenard ndi anzawo. Akuti anaba zitsulo za galimoto. Akuti dzuwa likapendeka awakweza lole, akawakankhire tsidya la mlatho ku Muloza."

Estele ndi mwamuna wake Yosefe anawoloka mtsinje wa Muloza chaka chapitacho pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Kwawo Yosefe anali makaniko. Kuno ankagulitsa nkhuni, ndipo ankachita lendi kachipinda ka m'kati mwa mpanda wa Pilato, kuseri kwa golosale.

"Tsidyalo akuwafuna," anatero Estele. "Asilikali anawagwira kuti aziwakonzera magalimoto, iwo n'kuthawa. Akawabweza kumeneko, mai, ine ndine wamasiye."

Mai Agnes anali tcheyamani wa amayi a chipani m'dera lonselo, ndipo misozi sinkawafulumizitsa. Anakutumula makoko a nandolo pachitenje, navala nsapato.

"Anaba kapena sanabe?"

"Sanabe!"

"Ukanati chiyani, ndiwe mkazi wake. Pukuta kumaso. Tiye."

* * *

Pachipata cha mpanda panaima ayufi awiri a malaya ofiira. Mkulu wawo, Lenard, anakhala pa kireti atatambalala, mutu wometedwa mpala chifukwa cha maliro a malume ake amene anaikidwa Loweruka. Lenard anali mlongo wake wa Marjory, mkazi wa Pilato.

"Mai, ino ndi nkhani ya ayufi," anatero osaimirira. "Inu kaphunzitseni amayi anu kuvina."

"Mphere zako ndinkatsuka ndine uli wosavala. Chotsa miyendo ndidutse."

Galimoto inali pa jeke, tayala la kutsogolo kumanzere litachotsedwa. Pilato, bambo wamfupi wa mimba yake, ankazungulira pamenepo malaya onse ali girisi yekhayekha.

"Onani, mai! Onani ndi maso anu!" Analoza disiki, chimbale chachitsulo chija chimene mapadi amachipana kuti galimoto iime. Inali yokumbika mizere, m'mphepete mwake muli dzimbiri. "Iyi ndi disiki yakale, imene ndinachotsa ndekha. Ndinakagula zatsopano ku Limbe, madisiki awiri ndi mapadi ake, zili m'makatoni. Lachinayi ndinamanga mbali zonse ziwiri ndi manja awa."

"Makaniko muli naye pakhomo pomwe pano. Munamangiranji nokha?"

"Andiphunzitse wothawa nkhondo? Ndaonerera ku galaja kangati ine? Mulibe ufiti m'menemu."

"Pitirizani."

"Nditangomanga matayala, uthenga unafika kuti malume a akazi anga atisiya ku Chinakanaka. Mukudziwa, maliro akamveka chitsulo chimaikidwa pansi. Masipanala ndinatsekera m'golosale, zakalezo ndinakankhira pansi pa galimoto, chipata ndinakiya, tinanyamuka. Ndabwera dzulo titameta. Lero ndikuti ndiyese ntchito yanga, mwamva nokha. Ndikuchotsa tayala, ndikupeza izi. Kumanja zatsopano zilipo. Kumanzere wina wachotsa, wabwezera zakale, wamanga tayala bwinobwino ngati palibe chachitika."

"Makiyi a chipata amasunga ndani?"

"Ine, akazi anga, ndi mbava ili m'sitoromo. Ndipo ku maliro sinabwere. Anthu onse ali ku siwa, iyo yokha ili pano ndi galimoto yanga."

"M'nyumba mwake mwapezamo chiyani?"

Anayankha ndi Lenard, ali pa kireti pomwepo. "Tatembenuza monse. Wagulitsa kale. Anthu awa katundu sagona naye."

Mai Agnes anazungulira galimotoyo kamodzi. Mbali ya kumanzere inayang'ana kumpanda, kumene munthu wosuzumira pachipata sakanaona kanthu. Wakubayo anasankha bwino mbali yake.

"Ndikufuna kulankhula naye."

"Ali m'manja mwa chipani," anatero Lenard.

"Nanga ine ndili m'manja mwa mpingo? Tsekula zenera."

* * *

Yosefe anakhala pa mabelo a shuga, manja omangidwa kutsogolo, mlomo wotupa. Moni sanapereke.

"Mwabwera kudzandionerera?"

"Ndabwera kudzafunsa. Kuyambira Lachinayi mpaka dzulo unali kuti?"

"Usiku m'nyumba. Masana kuphiri, nkhuni. Estele ku tiyi."

"Anakuona ndani kuphiriko?"

"Anyani."

"Anyani sapereka umboni. Ku maliro bwanji sunabwere? Ukudziwa mmene anthu kuno amamuonera munthu wosapita ku maliro."

"Ndinapita Lachinayi lomwelo. A Lenard anandiimitsa panjira. Khadi la chipani lili kuti? Ndilibe. Ndiye bwerera, maliro ano si a anthu opanda khadi." Analavula pansi. "Nada, panalibe chochita. Ndinabwerera."

Mai Agnes anali ataona makhadi akufunsidwa pamsika, pa siteji, ngakhale pachipatala. Panjira ya ku maliro anali asanamvepo. Anasunga zimenezo mumtima.

"Galimotoyo waimva m'mawa uno?"

Apa m'pamene Yosefe anadzutsa mutu.

"Aliyense waimva. Koma inu mwamva phokoso limodzi. Ine ndamva atatu."

"Tchula."

"Loyamba ndi kwiii, lopyapyala, limabwera patarawu, eni galimotowo, akaponda buleki basi. Limenelo ndi la kumanja, ntchito ya manja awo. Disiki yatsopano imabwera itapakidwa mafuta kuti isachite dzimbiri. Umayamba watsuka ndi petulo. Ndinawauza ndili pakhomo panga, iwo anati ndisamale nkhuni zanga. Tsopano mafutawo alowa m'mapadi. Azilira choncho."

"Lachiwiri?"

"Khwe, khwe, khwe, tayala likamazungulira, buleki osaponda. Kuseri kwa disiki kuli kachilata kotchinga matope. Wina wakapinda, kakukhula disiki. Ndipo kachilata sikapindika ndi sipanala, mai. Kamapindika ndi hamala."

"Lachitatu ndi lija lotseketsa anthu makutu."

"Chitsulo pa chitsulo. Sindinaone, anandigwira ndisanafike pafupi, koma kayang'aneni mapadi. Padi ili ndi mimba yofewa ndi msana wachitsulo. Mimba ndiyo imagwira disiki. Pamenepo ina yalowa chotembenuka."

"Ndiye ukuti makaniko sangatero."

"Ngakhale atagona ku kachasu. Yang'ananinso mitu ya mabawuti. Ine mtsinje ndinawoloka ndi masipanala, zovala ndinasiya. Bawuti sindilimenya."

"Chabwino."

"Chabwino chiyani? Madzi akumwa akundimana kuyambira m'mawa, inu mukuti chabwino."

Mai Agnes anatseka zenera okha.

* * *

"Zungulizani," mai Agnes anauza Pilato.

Pilato anagwira disiki n'kuizunguliza ndi dzanja. Khwe, khwe, khwe. Anasuzumira kuseri kwake, napeza kachilata katapindikira m'kati, pali zipsera za hamala.

"Tsopano tulutsani mapadiwo."

Anatulutsa yoyamba, inali yakale chabe, yodyeka. Yachiwiri inavuta. Itatuluka, msana wake wachitsulo unali wopalika mbee, wopserera m'mbali, mimba yake yosakhudzidwa n'komwe. Pilato anaiyang'ana ngati wagwira njoka.

"Nanga mabawutiwa amasulidwa ndi chiyani?" anafunsa mai Agnes. Mitu yake inali yonyenyeka ngati yotafunidwa ndi makoswe.

"Tchizulo," anatero Pilato mokokera. "Tchizulo ndi hamala. Pomasula m'mawa uno ndinadabwa sipanala ikuterereka."

"Munthu wa masipanala ake angavutikirenji ndi tchizulo? Masipanala anu munatsekera m'golosale. Wochita izi analibe sipanala, ndipo mimba ya padi ndi msana wake sakusiyanitsa."

Pilato anakanda m'khosi. Zinkaoneka ngati zikulowa. Koma Lenard anadzuka pa kireti paja, natenga padiyo m'manja mwa mlamu wake n'kuikweza m'mwamba kuti ayufi ake aione.

"Mwatithandiza, mai. Ife timayesa tagwira wakuba chabe. Makaniko amene watembenuza padi akudziwa chimene akuchita. Tchizuloyo ndi yotiphimba m'maso. Amafuna alamu anga akagubuduzike pamtsetse atanyamula katundu." Anatembenukira kwa Pilato. "Alamu, inu ndinu msungichuma wa chipani m'dera lino. Munthu wochokera kunja kufuna kupha msungichuma, dzina lake ndi kuukira."

Pilato anakhala pansi pafumbi. "Amafuna kundipha," ananong'ona. "Ine womupatsa pogona."

"Sitidikiranso dzuwa," anatero Lenard. "Lole ya ku Muloza ikangoima pa siteji, akukwera. Akayamike kuti sitinamupereke kwa apolisi a ku boma."

Estele, amene anaima kunja kwa chipata, anayamba kubuma. Mai Agnes anamudutsa osamuyang'ana. Anabwera kudzamasula chingwe, ndipo anali atangochilimbitsa.

* * *

Pakhonde la kutsogolo kwa golosale pankakhala che Mustafa, telala wa ndevu zoyera, ndi makina ake osokera. Ataona mai Agnes akubwera anawerama n'kuyamba kupalasa makinawo mwamphamvu.

"Che Mustafa, makina anu sanapite ku maliro."

"Ine ndinapita Loweruka kukaika, amama. Lachisanu ndinali pano. Anandipatsa ntchito ya maliro omwewo, nsalu yakuda yokutira bokosi."

"Kuseriku munamvako chiyani?"

"Telala amamva makina ake. Asandilowetse m'nkhani za malaya ofiira, amama, chonde."

"Zovala za amayi anga a chipani amasoka ndani?"

"Ine."

"Nanga pa Chitakale pano matelala muli nokha?"

Phazi la che Mustafa linaima. Anayang'ana uku ndi uku, nachotsa ulusi pamlomo.

"Walahi, kuona sindinaone. Kumva ndinamva. Lachisanu m'mawa, ndisanapite ku mzikiti, kuseriku kunali kukhoma. Go, go, go. Kwa nthawi ndithu."

"Osakasuzumira?"

"Kusuzumira chiyani? Tsiku la maliro hamala ikamalira ndiye kuti akukhoma bokosi. Ntchito ina ndani angagwire? Ndipo bokosi la eni ake salisuzumira. Ogulitsa nthochi anamva, wokonza njinga anamva, tonse tinangoti akhome bwino, munthu agone."

Mai Agnes anakhala pabenchi ya makasitomala. Lachisanu limenelo iwo anali ku siwa, akuyang'anira amayi ophika. Bokosi analiona likufika madzulo pa pikiapu ya Hudson, kalipentala wa mabokosi wa kuseri kwa msika. Silinali la matabwa okhomedwa pakhomo. Linali la mkungudza, lopaka vanishi, la zogwirira zonyezimira, ndipo amayi ananong'onezana kuti Lenard, amene sanagwirepo ntchito ya malipiro chibadwire, walipeza kuti.

"Bokosi silinakhomedwe pano," anatero.

"N'chimene ndinadabwa ine." Che Mustafa anatsitsa mawu. "Nsalu ndamaliza, ndikuona mai a pagolosale akutuluka pachipata ndi alongo awo. Akuti che Mustafa asiye, nsaluyo sikufunikanso. Akuti anabwera kudzatenga shuga wa ku maliro. Thumba lili paphewa pa a Lenard."

"Shuga."

"Shuga wake, amama, atamutula pansi kuti akiye chipata, analira ngati belu la kusukulu."

"Mukanena zimenezi pamaso pa anthu?"

Makina anayambanso kulira. "Ndanena chiyani? Ine sindinanene kanthu. Ndili ndi ana, amama, ndipo khondeli ndi la eni ake."

Mai Agnes sanamuumirize. Kumsewu kunamveka hutala ya lole. Anadzuka n'kulowera ku msika, akuyenda mofulumira kuposa mmene mawondo awo ankafunira.

* * *

Pa Chitakale ponse mapikiapu a mtundu umenewo analipo awiri okha, ya Pilato ndi ya Hudson. Mai Agnes asanafike pashedi ya mabokosi anamva ya Hudson ikubwera kumbuyo kwawo. Inachepetsa liwiro pokhota. Kwiii.

Anaima chilili. Linali lopyapyala lija, lobwera buleki ikapondedwa.

Hudson anatsika n'kumenya tayala ndi nsapato. Anali bambo wamtali wa pensulo kukhutu, wozolowera kuseka pamene ena akulira.

"Mai tcheyamani! Mwabwera kudzayezetsa? Ndili nalo la msinkhu wanu, ndikusungirani."

"Ndikwirira inu ndisanalowemo. Galimoto yanu yayamba liti kuimba?"

"Musandikumbutse. Dzulo. Ndaika disiki yatsopano ndi mapadi ake mbali imodzi. Yakale ija inali yodyeka koma inkakhala chete. Tsopano ndizinyamula maliro ndi likhweru? Anamfedwa aziti ndikuwaseka."

"Munatsuka ndi petulo musanamange?"

"Kutsuka chiyani? Chitsulo chatsopano, chonona ndi mafuta ake a kufakitale? Mafutawo ndiye umboni wakuti n'chatsopano."

"Munagula kuti?"

"Sindinagule. Ndi chipepeso cha a Pilato. A Lenard anabwera nazo Lachisanu m'thumba. Akuti alamu anga ndalama zawathera m'zitsulozi, ndiye apereka zomwezi kuti malume agone m'bokosi labwino. Ndinadabwa, a Pilato kupereka chinthu? Koma ndinati kaya, mwina imfa yawafewetsa. Za mbali inayo akuti abweretsa sabata ino, ndiye tikhala takwanirana."

"Za mbali inayo."

"Eya. Bokosi la mkungudza si la disiki imodzi, mai."

Mai Agnes anatsekula chitseko n'kukhala kutsogolo, nsapato zili fumbi lokhalokha.

"Tiyeni ku siteji mukawathokoze a Pilato."

"Kuwathokoza? Ndikawafunse chimene andipatsira katundu wolira."

"Kafunseni. Koma pondani mafuta."

* * *

Lole inali itaima kale pa siteji, injini ikulira, pamwamba pali mbuzi ndi matumba a mchere. Anthu anaunjikana chapatali. Ayufi awiri ankamukankha Yosefe kuti akwere, iye atapinda mawondo ngati ng'ombe yokana dibi. Estele anagwira chingwe ndi manja onse awiri, mmodzi wa ayufiwo akumumenya zala. Pilato anaima pambali ndi mkazi wake Marjory, mayi wamtali wa mpango wakuda, amene ankayang'ana kuphiri ngati za pansi pano sizikumukhudza.

Hudson anaponda buleki kutsogolo kwenikweni kwa lole. Kwiii.

Mutu wa Pilato unatembenuka wokha. Kulira kumeneko ankakudziwa.

"A Pilato!" anakuwa Hudson akutsika. "Chipepeso chanu ndalandira, Mulungu akudalitseni, koma disiki yanuyi ikundichititsa manyazi. Munagula kwa ndani ku Limbeko?"

"Disiki yanga?"

"Imene munatuma alamu anu. Ya bokosi."

Pilato anagwada pafumbi, nalowetsa mutu kuseri kwa tayala. Anakhala momwemo kanthawi, anthu akungoona matako a thalauza lake. Atatuluka, chala chake chinali ndi mafuta achikasu aja.

"Alamu," anatero.

"Musamvere zopusa," anatero Lenard msangamsanga. "Wopala matabwayu wagula kwa mbavayi, tsopano akufuna kupaka ine."

Nthabwala za Hudson zinathera pomwepo. "Ukuti chiyani iwe? Bokosi langa la mkungudza lili pansi pa nthaka ndi malume ako, iwe ukunditcha wogula zakuba? Unabwera wekha ndi thumba, manja ali magazi, ukuti wadzimenya ndi hamala pokhoma chisakasa cha pa siwa. Onetsa chala chimenecho anthu aone!"

Lenard analowetsa dzanja lamanzere m'thumba la thalauza. Anthu onse anaona.

"Chipata chinali chokiya," anatero mai Agnes, akuyang'ana Marjory. "Makiyi ena anali m'thumba mwa a Pilato ku siwa. Ena anali kuphiri ndi Yosefe. Atsala amodzi."

Marjory anasiya kuyang'ana phiri.

"Inde, ndinatsekula ndine. Ndiye?" Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Malume amenewo anandilera. Malo amene mwamangapo golosale yanuyo ndi awo, inu munangobwera ndi sutikesi. Ndinakupemphani bokosi, munandiyankha chiyani? Munati ndalama zili m'matayala. Ndiye tinakazitenga m'matayala momwemo. Mumafuna apite m'mphasa ngati alibe abale?"

"Padi munaitembenuza! Ndikanafa ine!"

"Mwafa?"

Wina m'gulumo anaseka n'kudzigwira pakamwa. Dalaivala wa lole analiza hutala.

Lenard anatambasula malaya ake ofiira. "Izi ndi za pabanja, tikakamba kunyumba. Koma uyu alibe khadi, alibe chiphaso, ndipo wakhala akuyankha ayufi mwamwano kuyambira m'mawa. Akupita basi. Kwezani."

Ayufi anagwiranso Yosefe m'khwapa. Hudson anayang'ana pansi. Pilato ankapukuta chala chake pathalauza, za Yosefe ataziiwala kale. Masiku amenewo malaya ofiira akalamula, munthu ankayamba waganiza za ana ake asanatsekule pakamwa.

Mai Agnes anapita kukaima pakati pa Yosefe ndi lole. Sanakweze mawu.

"Lenard, Loweruka likubwerali kuli msonkhano ku boma. Amayi anga akukavina pamaso pa akuluakulu onse a chigawo, ndipo nyimbo yatsopano sitinapeke. Ndikhoza kuwapatsa ya mkulu wa ayufi amene anabera msungichuma wa chipani tsiku la maliro, n'kumuikira buleki yotembenuza. Dzina lako limakwana bwino pang'oma. Ndipo mlandu umenewo unautchula wekha dzina lake m'mawa uno. Paja unati chiyani?"

Aliyense pa siteji ankadziwa chimene chinkachitikira munthu amene amayi amuimba pamsonkhano. Galimoto inkabwera kwawo, ndipo abale ake ankaphunzira kusafunsa kumene wapita.

"Simungatero," anatero Lenard. "Amayi anga ndi inu munavinidwa limodzi."

"N'chifukwa chake ndikukuuza lero, osati Loweruka. Masula."

Lenard anayang'ana ayufi ake. Onse awiri anali atamusiya Yosefe, manja ali kumbuyo, maso ali pa mbuzi za pa lole.

"Masulani," anawalamula.

Palibe anasuntha.

Anagwira chingwe yekha. Mfundoyo anamanga ndi iye mwini m'mawa, molimbitsa, ndipo chala chotupa chija chinamukanika. Anayesa ndi zikhadabo, osatheka. Mpeni palibe anamubwereka. Pomaliza anawerama pamaso pa Chitakale yense n'kuluma mfundoyo ndi mano, mpala wake utakhudza chifuwa cha Yosefe. Chingwe chinagwa pansi.

Yosefe anapukusa manja. Sanathokoze munthu.

"M'nyumba mwanga atuluke lero," anatero Marjory mokweza, kuti aliyense amve. "Sindisunga anthu obweretsa milandu pakhomo. Ndikapeze katundu wawo ali panja." Anakoka mwamuna wake padzanja, iye n'kulikutumula, ndipo anapita akulalatirana, Hudson akuwatsata pambuyo kufunsa za mbali inayo.

Estele anakhala pansi pomwepo, akuyamwa zala zake zotupa. "Tipita kuti, mai?"

"Khitchini yanga imadontha mbali imodzi. Mbali inayo ndi yanu. Koma mawa mugule makhadi nonse awiri. Ine sindingasunge anthu opanda khadi, ndipo Lenard sadzaiwala za lero."

"Khadi la dziko la eni ake," anatero Yosefe.

"Ukufuna la kwanu? Lole siinanyamuke."

Yosefe anayang'ana loleyo. Dalaivala anali atatulutsa mutu pawindo, akufunsa ngati pali wokwera kapena ayi. Mai Agnes anamukupizira dzanja kuti azipita. Inanyamuka ikufuka utsi, kulowera ku Muloza ndi mbuzi zake ndi mchere wake, ndipo Yosefe sanachotse maso mpaka itakhota m'minda ya tiyi.